Mbasela pa Bawuti

Mu Kafue monse, kuyambira ku Nangongwe mpaka ku sitesheni ya sitima, panalibe wopalasa njinga amene sankadziwa kuti bawuti yomangidwa ndi a Lastone Nkhoma simasuka. Ogulitsa makala ankachitira umboni. Obweretsa nsomba kuchokera kumtsinje ankachitira umboni. Panali mkulu wina amene anamangitsa kaliyala yake kwa a Lastone mwana wake woyamba asanabadwe. Mwanayo anakula, anakwatira, njinga inadyeka ndi dzimbiri mpaka kutheratu, koma kaliyala inali ikadali pamalo pake, itagwira kachidutswa ka fulemu kamene kanatsalako. A Lastone ankakonda kufotokoza nkhani imeneyi, ndipo nthawi iliyonse akaifotokoza, kachidutswa kaja kankacheperachepera.

Kamangidwe kawo kanali kodziwika. Ankakoka sipanala mpaka bawuti itakana. Ikakana, ankalowetsa paipi yachitsulo kumchira kwa sipanalayo n'kuyedzamirapo ndi thupi lonse. Ndiye zonse zikatha, mwini njinga atapisa kale dzanja m'thumba, a Lastone ankamuyang'ana kaye kumaso, n'kubwerera pa bawuti ija, n'kuikokanso pang'ono. Kukoka komalizako sankalipiritsa. Inali mbasela.

Wosadziwa mbasela ndiye kuti sanagulepo kanthu pamsika wa Kafue. Akazi a a Lastone, a Martina, ankagulitsa matimati mumsikamo, ndipo sanapatsepo munthu mulu wake ndendende osaponyapo lina pamwamba. Wodziwana naye ankamuponyera awiri. Wa kumpingo, awiri ndi kaanyezi. Mulu wopanda choonjezera umapatsidwa kwa mlendo wongodutsa pa basi, kapena kwa munthu amene munayambana naye pamaliro, ndipo iyeyo amadziwa yekha kuti watukwanidwa. A Lastone analibe matimati oti aponyere anthu. Anali ndi dzanja, ndiye ankapereka chimene anali nacho.

Koma mu Kafue munali njinga imodzi imene dzanja limenelo linali lisanaikhudzepo, ndipo inali ya mwana wawo yemwe.

Olivia ankagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi ku Lusaka ndipo ankachita lendi ku Kafue Estates. Kumeneko analowa kagulu ka anthu opalasa njinga Loweruka lililonse m'mawa. Awa si anthu opalasa kuti akafike kwinakwake ayi. Amanyamuka ku Estates osanyamula kanthu, amawoloka mlatho, amakwera mapiri a Munali osakagula kanthu, n'kubwerera komwe achoka ali wefuwefu, kenako n'kuyamba kuomberana m'manja. Amavala zipewa zonga theka la dzungu ndi makabudula othina moti munthu wamkulu amasowa koyang'ana. Njinga zawo zilibe kaliyala, zilibe madigadi, zilibe belu, ndipo chifukwa chosowa zonsezi zimadula kuposa njinga zokwanira.

Ya Olivia inali yakuda, yogula kwa munthu amene anaipalasapo kale, ndipo inali ya chinthu chotchedwa kaboni, chopepuka moti unkatha kuinyamula ndi zala. Ikafuna kukonzedwa, Olivia ankaikweza pa minibasi n'kupita nayo ku Lusaka. Minibasiyo inkadutsa pamsewu waukulu, pamaso penipeni pa mtengo wa mango umene atate ake ankakonzerapo njinga. Ogulitsa makala okhala pa benchi ankaiona ikudutsa, tayala likuonekera pa windo lakumbuyo. Aliyense ankangoyamba kuyang'ana nsapato zake. A Lastone zinkawapweteka, ndipo zinkawapweteka kuposa china chilichonse chimene anakumanapo nacho pa ntchito yawo. Iwowo ndi amene anamuphunzitsa mwanayo kupalasa, akuthamanga pambuyo pake m'fumbi la ku Nangongwe atagwira chishalo.

Lamulungu lina, a Lastone atabwera kuchokera kutchalitchi cha Reformed kumene anali mkulu wa mpingo, anapeza Olivia wabwera kudzacheza, ndipo wabwera ndi Marvin. Marvinyu anali mlembi wa kagulu ka njinga kaja, ankaimba gitala kutchalitchi china cha Pentekoste, ndipo zinkaonekeratu kuti tsiku lina adzatumiza ankhoswe. A Lastone sankamufuna. Mnyamatayo analibe mlandu weniweni, kungoti tsiku loyamba kufika pakhomopo anabwera atavala kabudula uja, n'kupereka moni ali chiimire, dzanja lina lili pa handulo. Zinthu zotere munthu amakhululuka monga Mkhristu, koma saiwala.

Atatha kudya, a Lastone anatsokomola.

"Iwe Olivia, njinga yakoyo ili ndi vuto lanji limene ine sindingalithe?"

"Adadi, si kuti simuziba nchito," anayankha Olivia akuyang'ana pansi. "Ni chabe kuti kaboni siifuna mphamvu. Bawuti iliyonse ili na namba yake. Pa handulo analembapo faifi. Mukapitirira faifi, ing'ambika."

"Faifi ya chiyani?"

"Ni ma Newton mita, ba Tata," analowererapo Marvin, amene palibe anamufunsa. "Pafunika toki renchi. Ni sipanala yamene muitchera pa namba. Manje mukamanga, ikafika pa namba ija, ilira ati kha! Ikalira, mwasiya."

"Sipanala kumuuza munthu kuti asiye?"

"Ee, ba Tata."

"Nanga mutu wa munthuyo ukugwira ntchito yanji?"

"Wanuwo unayamba wakuuzanipo kuti musiye?" anafunsa a Martina akusonkhanitsa mbale.

Olivia anaseka, kenako ataona nkhope ya atate ake analeka.

"Chabwino, adadi. Nagula handulo ina ya kaboni, nifuna kuiikapo tisanayende ku Munali pa Saturday. Mukapeza toki renchi, nizabweretsa kwa imwe. Siniyenda nayo ku Lusaka."

Ananena zimenezi monga mmene munthu amalonjezera mwana kuti adzamugulira ndeke. Koma a Lastone sanazitenge choncho. M'mawa mwake anavala jekete yawo ya kumisonkhano ya mpingo n'kupita kukaima pa tebulo la matimati, pakuti mwezi umenewo inali nthawi ya a Martina yolandira za chilimba, ndalama zimene amayi a mumsika amasonkherana mosinthana. A Martina anamasula nsonga ya chitenje mosafulumira.

"Yotchipa, atate ake Olivia. Mwamva? Sitikugula ng'ombe."

Shopu ya a Fanwell inali m'tauni, kuseri kwa maofesi a boma, ndipo inkagulitsa chilichonse kuyambira mankhwala a makoswe mpaka maloko a zitseko. A Fanwell anali munthu amene chibadwire sanauzepo kasitomala kuti chinthu palibe. Atamva za sipanala yolira, anasowa kwakanthawi kuseri kwa zitini za penti, n'kutulukira atanyamula zitatu.

Tsono a Lastone anali ndi njira yawo yosankhira zida, imene inali isanawagwiritsepo mwala. Chida amachiyesa kulemera m'dzanja, kenako n'kuchigogoda pa kauntala kuti amve mawu ake. Cholemera ndi chenicheni, chopepuka ndi chabodza. Choncho maso awo anagwera pa yoyamba, yaitali ngati mkono wa munthu, yakuda ndi girizi, imene inagwirapo ntchito pa matayala a malole. Ataigogoda, shopu yonse inayankha. Ndipo inali yotchipa kuposa zonse.

"Iyo ni ya bamuna, bakamba," anatero a Fanwell. "Iyo mukamanga nayo, na bazukulu sibazamasula."

A Lastone mtima unali utapita kale. Koma anakumbukira mawu a Olivia, n'kuvala magalasi, n'kuyamba kuyenda ndi chala pa manambala olembedwa pa chogwirira. Anafunafuna faifi. Manambala ankayambira pa fote.

"Faifi palibepo apa, a Fanwell."

"Ilimo, bakamba. Mu fote muli ma faifi eyiti. Muzapindula."

Masamu ake anali olondola, ndipo a Lastone anaima kanthawi akuwasinkhasinkha. Koma ngakhale anali ouma mutu, sanali opusa. Nambala imene sinalembedwe sungaitchere. Anaika sipanala ija pansi mwaulemu, n'kuisisita kaye asanachotsepo dzanja.

Yachiwiri inali ndi kagalasi koonetsa manambala ngati foni, ndipo m'malo molira kha inkaimba pii pii. Inkayendera mabatire. A Fanwell atatchula mtengo wake, a Lastone anamva mawu a akazi awo ngati kuti aima pakhomo pa shopuyo.

"Nanga batire ikatha pakati pa ntchito, bawuti idikire?" anatero akuikankhira kutali, kuti kuoneke ngati akuikana chifukwa cha nzeru osati chifukwa cha thumba.

Inatsala yachitatu. Inali m'kabokosi ka pulasitiki, yaing'ono, yosalemera kuposa supuni yophikira. Inalibe dzina lodziwika, ndipo kapepala kake kanali m'zilankhulo zimene mu shopumo munalibe wozimva. Ataigogoda pa kauntala sinayankhe kanthu. Koma manambala ake ankayambira pa thuu, ndipo faifi inalipo, yolembedwa bwinobwino. Chowawa chinali chakuti kanthu kameneka kankadula kuposa chimphona cha malole chija. A Lastone anali asanalipirepo zambiri kuti apatsidwe zochepa, ndipo anawauza a Fanwell zimenezi m'mawa wonse, atakhala pa thumba la simenti.

"Nanga ndidziwa bwanji kuti sikanama?" anafunsa pomaliza.

"Kakalira ndiye kuti kasebenza," anayankha a Fanwell, amene anali asanakamvepo kakulira.

Anagwirizana dzuwa litafika pamutu. A Fanwell anakulunga kabokosi kaja mu nyuzipepala, n'kuponyapo kapaketi ka zigamba za machubu, pakuti nawonso anali munthu woleredwa bwino.

Madzulo ake a Lastone anakatchera pa faifi n'kukayesa pa bawuti ya njinga yawo yakale. Asanayambe n'komwe kukoka, kanalira. Kha! Anaganiza kuti kathyoka. Anayesanso pa bawuti ya bedi, pa chogwirira cha poto, pa mpando wa alendo. Ponseponse kankalira dzanja lisanatenthe.

"Faifi yake ndi imeneyi?" anatero a Lastone kwa akazi awo. "Amake Olivia, anthu opanga njinga zimenezi ndi oumira. Apa bawuti yangopatsidwa moni chabe."

"Mwana ananena kuti ikalira musiye."

"Ndinamva."

"Kumva mumamva," anatero a Martina, n'kuwalanda poto uja.

Loweruka kunacha bwino. Marvin anali atalengeza pa gulu lawo la pa foni kuti tsopano mu Kafue muli toki renchi, ndiye sanabwere Olivia yekha. Kagulu konse kanatsikira pansi pa mtengo wa mango, zipewa za dzungu, magalasi akuda, nsapato zogogoda pansi ngati ziboda. Ogulitsa makala anadzaza benchi mpaka ena kukhala pa matumba awo. Amayi a mumsika anasiya matebulo, a Martina ali patsogolo. Minibasi ya ku Lusaka inadutsa, ndipo a Lastone anaiyang'ana mpaka inapita. Kumbuyo kwake kunalibe njinga.

Woyamba kukankha njinga yake anali Marvin.

"Ba Tata, tiyambe na yanga, tione ngati isebenza."

A Lastone anatsegula kabokosi pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Anamasula mabawuti a pa handulo ya Marvin, n'kuyamba kumanga. Kha! Nthawi yomweyo anachotsa dzanja. Sanamuyang'ane kumaso mnyamatayo, sanabwererenso pa bawuti. Anangotembenukira ku benchi. Ogulitsa makala anamva zonse. Mmodzi anabisa pakamwa ndi chipewa, wina anayamba kutsokomola. Pa zaka zonse zimene anakhala pa benchi imeneyo anali asanaonepo munthu akupatsidwa mulu wake ndendende pansi pa mtengo umenewo.

"Aleluya!" anatero Marvin akugwedeza handulo. "Ndendende, ba Tata! Simunaonjezeko olo pang'ono!"

"Olo pang'ono," anavomera a Lastone, ndipo benchi yonse inagwedezeka.

Kenako Olivia anabweretsa yake. Anatulutsa handulo yatsopano m'pepala lake, yakuda, yonyezimira, imene anaidikira miyezi kuti ifike. A Lastone anapukuta manja pa ovolosi, n'kupukutanso. Anachotsa handulo yakale yachitsulo n'kuigoneka pa saka. Anasamutsa mabuleki ndi magiya mosamala, osafunsa munthu, pakuti njinga ndi njinga basi ngakhale ivale zotani. Anaika yatsopano pamalo pake, n'kuyamba kumanga timabawuti tinayi togwira handuloyo, mosinthanasinthana kuti tigwire mofanana. Kha! Kha! Kha! Kha! Anthu anaomba m'manja.

Chimwemwe chimene a Lastone anali nacho nthawi imeneyo sichinali chamasewera. Njinga ya mwana wawo inali pansi pa mtengo wawo, Kafue yense akuona. Ndiye anachita zimene ankachita nthawi zonse ntchito ikatha. Anakweza maso n'kuyang'ana mwini njinga kumaso.

Olivia ankamwetulira, mano onse pamtunda, monga ankachitira tsiku lija atazindikira kuti atate ake asiya chishalo ndipo akupalasa yekha. Kenako anatembenuka kukayankha mnzake amene ankamufunsa za botolo la madzi.

A Lastone anayang'ana timabawuti tija. Mwana wawo wobereka okha apatsidwe zofanana ndi za Marvin? Pamaso pa benchi, pamaso pa amayi ake? Anthu akanena chiyani, kuti a Nkhoma mwana wawo anamuyesa mlendo wa pa basi? Mawu a Olivia anali asanawaiwale ayi. Koma anadziuza kuti opanga njingawo, poti ndi oumira, analemba faifi kuti asungeko ina. Dzanja linabwerera lokha. Kabawuti koyamba anakaonjezera pang'ono. Kachiwiri pang'ono. Kachitatu, poti ndi mwana yekhayo wamkazi, anaonjezera pang'ono ndi kena. Atafika pa kachinayi, panamveka kaphokoso.

Sikanali kha wa sipanala. Kanali kakang'ono, kouma, ngati munthu waponda khoko la mtedza. Nthawi yomweyo minibasi ina inaliza hutala, kondakitala akukuwa za Lusaka, ndipo palibe wina amene anamva. A Lastone anawerama ngati akupukuta fumbi. M'mbali mwa chogwirira handulo munali kamzere kopyapyala ngati tsitsi, kakuda pa chakuda. Wosadziwa sakanakaona.

Olivia anali atavala kale chipewa, akukweza mwendo.

"Zikomo, adadi. Next time nizabweretsa futi."

Mawu amene anawadikira nthawi yaitali anali amenewo. Akanangokhala chete, mawuwo akanakhala awo. Mwina handuloyo ikanapirira lero, mwina mwezi wathunthu, ndipo ikadzathyoka anthu akanati kaboni ndi choncho. Koma a Lastone ankawadziwa mapiri a Munali. Anatsikapo ndi njinga ali mnyamata, ndipo ankadziwa mmene munthu amatsamira pa handulo ndi thupi lonse potsetsereka, malole akumudutsa m'mbali. Anaona manja a Olivia atagwira pamenepo, ndipo anachita mantha amene anali asanawamvepo.

"Olivia, tsika."

"Adadi?"

"Tsika, mwanawe. Handulo yang'ambika."

Marvin anagwada, n'kuunika ndi tochi ya foni ngakhale kunali dzuwa, n'kuyendetsa chikhadabo pa kamzere kaja. Chikhadabocho chinakodwa. Anaimirira akupukusa mutu, ndipo poti anali mnyamata wa mtima wabwino, chinthu chimene a Lastone sankafuna kuchivomereza, anawatsegulira khomo lothawira.

"Si mulandu wanu, ba Tata. Ma toki renchi otchipa aya anama maningi. Sinalire, ai?"

"Ni Fanwell uja!" anakuwa wina pa benchi. "Anatigulitsa na ise ma pampu osapopa!"

Anthu onse anavomereza, ndipo ena anali atayamba kale kukambirana zopita ku shopu kuja. Zinali zophweka. A Lastone akanangogwedeza mutu, dzina lawo likanatsala loyera, mlandu n'kugwera kasipanala kopanda dzina kamene kanalibe pakamwa podzitetezera. Anakayang'ana kali m'dzanja mwawo. Kanali katanena zoona kanayi konse. Atakweza maso anakumana ndi a akazi awo, amene anali atapinda manja pachifuwa ndipo sankavomereza nawo za a Fanwell.

"Inalira," anatero a Lastone. "Ndinaimva. Ndinaonjezera ndine."

"Chifukwa chani, adadi?" anafunsa Olivia. "Ninakuuzani. Ninakuuzani mu nyumba mwanu."

"Mbasela."

"Mbasela? Pa handulo?"

"Ndiwe mwana wanga. Ndikanakupatsa bwanji zofanana ndi za..."

Sanamalize, koma maso awo anali atafika kale pa Marvin. Mnyamata uja anayang'ana handulo yake, anayang'ana benchi, ndipo pang'onopang'ono nkhope yake inasonyeza kuti uthenga wa mabawuti ake opanda mbasela uja wafika tsopano. Mmodzi wa ogulitsa makala analephera kudzigwira, anaphulika kuseka mpaka kugwa pa thumba lake, anzake n'kumutsatira. Olivia sanaseke. Anavula chipewa, n'kukhala pa chitsa, akuyang'ana handulo imene anaidikira miyezi ndipo sanaipalase ngakhale kufika pamsewu.

A kagulu kaja anayamba kuyang'ana mawotchi awo, amene amawauza kugunda kwa mtima ndi zina zotero. Mmodzimmodzi anakwera n'kulowera ku mlatho. Marvin anatsala. Minibasi ija inali ikadali pa siteji, ndipo kondakitala, poona njinga yodziwika, anathamangira pansi pa mtengo.

"Sisi, Lusaka? Malo ya njinga ilipo kumbuyo!"

A Lastone anayamba kubwezera kasipanala kaja m'kabokosi kake, akudziwa kuti njinga imeneyi aikhudza koyamba ndi komaliza, ndipo kuti mwayiwo adzichotsera okha. Manyazi a pa benchi sankawaganiziranso. Chinkawawawa chinali chakuti mwanayo anawakhulupirira.

Olivia anayang'ana minibasi nthawi yaitali. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa golovesi, anaimirira, n'kutola handulo yakale ija pa saka.

"Yendani, ba kondakita," anatero. Anatembenukira kwa atate ake n'kuwapatsira handuloyo. "Bwezanipo iyi. Koma adadi, mumange monga mwamangira ya Marvin."

Pa mawu onse amene a Lastone anauzidwapo, awa ndi amene anawalasa kwambiri. Koma anatsegulanso kabokosi. Anasamutsanso mabuleki ndi magiya, Marvin atagwira njinga kuti isagwe, ndipo sanamuthamangitse. Anatchera pa faifi. Kha! Dzanja linafuna kubwerera, koma analichotsa. Kha! Analichotsanso. Pa kachitatu thukuta linali likutsika m'khosi, ngakhale ntchito yake mwana wa sukulu akanaitha. Kha! Atamaliza kachinayi sanayerekeze kumuyang'ana Olivia kumaso. Anaika manja onse awiri m'matumba a ovolosi n'kuyang'ana pansi. Pa benchi panalibenso woseka, pakuti aliyense anaona kuti mkuluyo wapereka mulu ndendende kwa mwana wake, ndipo ankadziwa kuti zamupweteka bwanji.

Olivia anagwedeza handulo, anayesa mabuleki. Kenako anawerama n'kudinikiza tayala lakumbuyo ndi chala chachikulu.

"Adadi, iyi tayala yachepa mpweya."

A Lastone anatulutsa dzanja n'kudinikiza nawonso. Tayalalo linali gwa, lopopedwa bwino lomwe m'mawa womwewo. Anayang'ana mwana wawo. Olivia anali atatenga kale pampu yaing'ono ya pa njinga yake, akuwapatsira, maso ake akadali ofiira.

A Lastone anagwada m'fumbi, anailumikiza, n'kupopa kamodzi.

"Yakwana?" anafunsa.

Olivia anadinikizanso tayala lija ngati akuganizira.

"Onjezani kamozi, adadi."